Kuphunzitsa za nyenyezi za m'nyanja ya mchere tili m'munsi mwa phiri la Mulanje

Aphunzitsi anzanga a Biology, makamaka inu a m'masukulu oyendera a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo: mukafika pa mutu wa kugawa zamoyo m'magulu, mumakumana ndi kachithunzi ka chinyama cha mikono isanu, m'munsi mwake atalemba kuti starfish. Ambirife timangotchula dzinalo, ana n'kulemba m'makope, ife n'kuthamangira ku ziwala ndi akangaude omwe tingawagwire kuseri kwa kalasi. Sindikudzudzula munthu. Nyanja ya mchere ili kutali, labotale tilibe, ndipo ana athu ambiri ngakhale ku Mangochi sanapondeko.

Chaka china ndikuchonga mayeso a pakati pa teremu ndinapeza kuti pafupifupi kalasi yonse yaika chinyamachi m'gulu limodzi ndi chambo ndi mlamba. Zinandiwawa, chifukwa anawo sanalakwitse kaganizidwe: anamva kuti dzinalo likuthera ndi fish, n'kutsata pomwepo. Kuyambira nthawi imeneyo mutuwu ndimaupatsa masiku anayi, ndipo mayina a Chilatini ndimawasungira kumapeto, manja a ana atayamba agwirapo kanthu. Ndikulongosolerani m'mene ndimachitira, inu mukasankhe zomwe zingatheke kwanuko.

Konzeranitu izi: mchere wa kukhitchini, botolo la lita imodzi, makapu awiri, mbatata ya kachewere imodzi, dothi la mtapo (amayi oumba mbiya adzakulozerani pokakumba), ndodo za machesi, nthanga za maungu, golovesi ya labala yatsopano, ndi chingwe chotalika mamita 6. Ngati muli ndi foni ya intaneti, tsitsiranitu zithunzi za nyenyezi zisanu ndi imodzi zomwe nditchule m'munsimu, chifukwa netiweki ya kusukulu siidalirika pa ola lomwe mukuifuna.

Yambani ndi mchere

Dzazani botolo ndi madzi a pampope, muthiremo masupuni awiri akuluakulu a mchere, osasefukira. Amenewo ndi magalamu pafupifupi 35, ndipo ndiwo mlingo wa mchere womwe uli mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja ya Indian Ocean ndi nyanja zina zikuluzikulu. Khutchumulani, kenako mwana aliyense adonthezeredwe pang'ono pachikhatho alawe. Nkhope zomwe amachita pamenepo ndiye poyambira phunziro. Muwauze kuti chinyama chomwe tikukamba chimabadwira m'madzi otere, chimadyera momwemo, ndipo madzi omwewo ndi amene amayenda m'thupi mwake.

Dulani kachewere tizidutswa tiwiri tofanana, kamodzi muviike m'madzi a mchere aja, kena m'madzi wamba. Pakatha ola limodzi, ka mumchere kadzakhala katafota, kakupindika ngati lamba, pomwe kenako kadzakhala kolimba gwa. Ana a Fomu 3 adzatchula okha kuti ndi osmosis. Tsopano muwatembenuzire funso: chinyama chomwe madzi a m'thupi mwake ali ndi mchere wofanana ndi wa m'nyanja, chopanda impso zotulutsira madzi owonjezera, titachiponya mu Dziwe la Nkhalamba chingatani? Madzi adzalowa m'maselo ake, chidzatupa, n'kufa. N'chifukwa chake m'nyanja ya Malawi mulibe nyenyezi ngakhale imodzi, ku Chilwa kulibe, mu Ruo mulibe. Gulu lonse la abale ake limakhala m'nyanja za mchere zokhazokha. Mfundo imeneyi ikalowa kudzera palilime sichokanso.

Pomwepa thetsani nkhani ya dzina. Nsomba ili ndi msana, zipsepse ndi makha; chinyamachi chilibe chilichonse mwa zimenezi. Anzathu a kutsidya ku Milange, omwe amaphunzira m'Chipwitikizi, amachitcha estrela-do-mar, kutanthauza nyenyezi ya m'nyanja, ndipo dzina limeneli ndi lomwe ine ndimagwiritsa ntchito m'kalasi. M'mabuku atsopano a Chingerezi alembanso sea star pa chifukwa chomwechi.

Tsiku lachiwiri, manja m'dothi

Gawani ana m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Gulu lililonse liumbe kachitumbuwa kophwatalala kukula ngati chikhatho, kenako likoke mikono isanu kuchokera pakati, yolowerera bwino m'thupi, osati yomata ngati miyendo ya mpando. Mfundo ya kulowereraku muigogomeze, idzagwira ntchito mawa.

Afunseni kuti mutu uli kuti. Adzatembenuza dothilo uku ndi uku, ena adzaloza mkono umodzi. Ayi, palibe kutsogolo, palibe kumbuyo. Mkono uliwonse ukhoza kutsogolera ulendo. Mbuzi mungaidule pakati njira imodzi yokha kuti mbali ziwiri zifanane, koma nyenyezi mungaidule njira zisanu. Aloleni ayese ndi ulusi pa dothi lawolo. Chodabwitsa n'chakuti mwana wa nyenyezi, kamphutsi kosaoneka bwino ndi maso komwe kamayandama m'madzi, kali ndi kumanja ndi kumanzere monga ife. Kamasintha kaumbidwe pamene kakukhazikika pansi. Ndipo mu 2023 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford ku America, atafufuza majini omwe amaumba thupi lake, anapeza kuti pafupifupi thupi lonse la nyenyezi limafanana ndi chigawo cha mutu cha nyama zina. Ndiye mwana akakufunsaninso kuti mutu uli kuti, mukhoza kumuyankha kuti wagwira mutuwo m'manja.

Pamwamba abayepo tizidutswa ta machesi kuti pakhale minga. Pansi pa khungu la nyenyezi pali timafupa tambirimbiri ta laimu tolumikizana ngati ukonde, ndipo minga imamera pa timafupa timeneti. Dzina la gulu lonse, Echinodermata, likuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza khungu laminga. Kenako amate nthanga imodzi ya dzungu pamwamba, osati pakati penipeni koma chakumbali, pakati pa mikono iwiri. Nthanga imeneyo ikuimira madreporite, ndipo tibwererako posachedwa. Kunsonga ya mkono uliwonse aike kadontho kofiira, kaya ka choko kaya ka dothi la katondo. Amenewo ndi maso. Saona bwino ngati athu, koma amasiyanitsa kuwala ndi mdima, ndipo nyenyezi ya buluu ya m'matanthwe a korali, miyala ya m'nyanja yomangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono, imawagwiritsa ntchito kupeza njira yobwerera kuthanthwe ikasochera pamchenga.

Tsopano atembenuze. Kunsi kuno ndiko kuli moyo wonse. Pakati aboole kabowo: pakamwa. Kuchokera pakamwapo, alembe ndi kamtengo ngalande imodzi m'mkono uliwonse mpaka kunsonga. Ine ndili ndi mwayi pang'ono pano. Bambo wina, kholo la mwana wa m'kalasi mwanga, yemwe amachita geni ya nsomba zouma kuchokera ku Mozambique, anandibweretsera nyenyezi youma imodzi. Ndi yolemera kuposa m'mene imaonekera, yokhakhala ngati mphero, ndipo fungo la nyanja silinaichokebe. Ndikaitembenuza, ana amaunjikana kuona ngalande zisanu zija, ndipo m'kati mwake mumaoneka tinthu tofota ngati timizu touma. Mtsikana wina anakhudza ndi nsonga ya pensulo n'kufunsa kuti, "Madamu, timeneti ndi mano?" Ndinamuyankha kuti ndi miyendo. Kalasi yonse inati zii.

Apa ndi pamene golovesi imalowa. Thirani madzi m'golovesi mpaka theka, mumange kukamwa kwake ndi ulusi. Zala zake zidzalendewera zofooka. Finyani pachikhatho, zala zija zidzatalika n'kulimba, lekani, zidzabwerera. Timiyendo ta nyenyezi, tomwe m'mabuku amati tube feet, timagwira ntchito chimodzimodzi: kamwendo kalikonse kali ndi kathumba kake m'kati mwa mkono, kathumbako kakafinyika madzi amalowa m'kamwendo n'kukatalikitsa. Nyenyezi imodzi imakhala ndi timiyendo mazanamazana, ndipo yaikulu ya ku gombe la kumadzulo kwa North America, yotchedwa Pycnopodia helianthoides, imafika timiyendo 15,000 ndipo imatha kuyenda mita imodzi pa mphindi, lomwe ndi liwiro lalikulu kwa nyenyezi.

Madziwo amachokera kuti? Ana a kuno amadziwa bwino mipope ya madzi otsika m'phiri. Kumtunda kuli polowera madzi pomwe pali sefa yotchinga zinyalala, kenako paipi yaikulu, kenako mapaipi a nthambi opita m'midzi, kumapeto mipope. Nthanga ya dzungu ija ndiyo sefa. Kuchokera pamenepo madzi amatsikira mu paipi yozungulira pakamwa ngati mphete, mpheteyo n'kugawira mapaipi asanu, mkono uliwonse yake, ndipo timiyendo ndiyo mipope. Jambulani pabolodi mapu a madzi a m'mudzi ndi nyenyezi moyandikana. Ubongo ilibe, ili ndi mphete ya minyewa yozungulira pakamwa ndi mnyewa umodzi m'mkono uliwonse. Mtima wopopa magazi ofiira ngati wathu ilibenso.

Kadyedwe ndi komwe ana amakakonda kwambiri. Nyenyezi zambiri zikagwira nkhono ya zigoba ziwiri zimaikumbatira, n'kumakoka mbali zonse ziwiri ndi timiyendo mosalekeza mpaka pataoneka kampata kochepa ngati ka chikhadabo. Kenako nyenyezi imatulutsa chifu chake kudzera pakamwa, n'kuchilowetsa pa kampatako, n'kugayira nkhonoyo m'chigoba chake chomwe. Ikamaliza imabweza chifu. Tembenuzani thumba la buluku kuti aone tanthauzo lake. Za kumeranso mkono ukaduka, ingowauzani mwachidule kuti zimatheka koma zimatenga miyezi yambiri, ndipo mitundu yambiri imafuna kuti chigawo cha pakati chitsaleko. Ya mtundu wa Linckia ndi yomwe imatha kumera thupi lonse kuchokera pa mkono umodzi woduka.

Dothilo liyanikeni pamthunzi, osati padzuwa, kuti lisang'aluke.

Mayina ndi magulu

Tsiku lachitatu ndi pomwe ndimalemba makwerero pabolodi, ndipo ana amawalandira mosavuta chifukwa chinthucho akuchidziwa kale. Kingdom ndi Animalia. Phylum ndi Echinodermata, momwe muli mitundu yamoyo pafupifupi 7,000. Class ndi Asteroidea, dzina lomwe anapereka katswiri wa ku France, de Blainville, mu 1830, ndipo m'menemo muli mitundu ya nyenyezi pafupifupi 1,900. Zotsalira zake zakale zopezeka m'miyala zikuonetsa kuti zakhala m'nyanja zaka zoposa 450 miliyoni.

Abale ake a m'phylum imeneyi alipo magulu ena anayi. Echinoidea ndi zozungulira ngati mpira wa minga, zonga kanungu wodzipinda. Holothuroidea ndi zazitali zofewa, zooneka ngati nkhaka. Crinoidea zili ndi mikono ya nthenga ndipo pakamwa pake pamayang'ana kumwamba. Zimenezi sizisokoneza. Gulu lomwe limasokoneza ana, ngakhalenso akuluakulu, ndi Ophiuroidea, chifukwa nalonso lili ndi mikono isanu. Kusiyana kwake ndi kuja ndinati mugogomeze: kwa Ophiuroidea thupi la pakati ndi lozungulira ngati ndalama yachitsulo, malire ake ooneka bwino, mikono yowonda yomata pambali, ndipo imayenda pokwapula mikonoyo ngati njoka. Kwa nyenyezi yeniyeni mikono imalowerera m'thupi, ngalande za kunsi zili poyera, ndipo imatsetsereka pang'onopang'ono pa timiyendo mikono isakugwedezeka kwenikweni. Gulu limodzi la ana liumbe Ophiuroidea kuti ziwirizi ziikidwe pamodzi patebulo.

M'kati mwa Asteroidea muli ma order asanu ndi awiri odziwika: Valvatida, Paxillosida, Forcipulatida, Spinulosida, Velatida, Brisingida ndi Notomyotida. Musawaloweze ana onsewo, n'kuwazunza chabe. Ine ndimasankha anayi omwe amaonetsa m'mene thupi limatsatira malo okhala.

Paxillosida ndi za pamchenga ndi pamatope. Timiyendo tawo ndi tosongoka, topanda kachikho komatira, chifukwa pamchenga palibe pomata, pamafunika kukumba. Astropecten, yomwe ili m'gulu limeneli, imadzikwirira mumchenga ndipo chakudya imangomeza chathunthu, zigoba n'kulavula pambuyo pake. Forcipulatida ndi zija zotsegula nkhono. Pakhungu pawo pali timapani ting'onoting'ono totsina chilichonse chofuna kukhazikikapo. M'menemo muli Asterias rubens ya ku gombe la ku Ulaya, yomwe ndi imene imajambulidwa m'mabuku ambiri a sukulu, komanso Pycnopodia ija, yomwe imafika mikono 24 ndi kutambalala mita imodzi. Brisingida ndi za pansi penipeni pa nyanja, mikono yake yambiri, yaitali ndi yowonda, ndipo zimaikweza m'mwamba kuti zikole tizakudya todutsa ndi madzi. Valvatida ndi gulu lalikulu kuposa onse, ndipo nyenyezi zambiri zooneka bwino za m'gombe la Mozambique ndi Tanzania zili m'menemu.

Za m'gombe lathu loyandikanali ndi zomwe ndimafuna ana azidziwe ndi mayina. Protoreaster linckii ndi yotuwa, yokhala ndi mizere ndi zitunda zofiira ngati magazi, ndipo imakonda mchenga ndi udzu wa m'nyanja pa madzi osaya. Linckia laevigata ndi ya buluu, mikono yake yobulungira ngati zala, ya m'matanthwe a korali. Culcita schmideliana ndi yonenepa moti mikono siioneka, mungaiyese mkate wa ngodya zisanu, mpaka mutaitembenuza n'kuona ngalande zisanu zija. Acanthaster planci ili ndi mikono yoposa 10 ndi minga yaitali yaululu thupi lonse, ndipo chakudya chake ndi tizilombo tomanga korali. Akumbutseni ana kuti mayina awiriawiriwa ndi dongosolo lomwelija lomwe limapangitsa kuti mkungudza wa m'phiri lathu udziwike dziko lonse kuti Widdringtonia whytei.

Tsopano apatseni zithunzi zisanu ndi chimodzi, Astropecten, Pycnopodia ndi zinayi za m'gombe la Mozambique, popanda mayina, n'kuwauza apange okha dichotomous key, kiyi ya mafunso a inde kapena ayi yofikitsa pa dzina la chamoyo. Musawauze funso loyamba. Magulu ambiri amayamba ndi mtundu, wofiira kapena wabuluu, ndipo ndi bwino kuwalola akhumudwe nazo kaye, kenako muwauze kuti Linckia yomweyo imapezekanso yotuwa kapena yachikasu, ndiye mtundu sungadaliridwe wokha. Akatero amafika pa kuwerenga mikono. Njira yomwe imatuluka bwino imayenda motere: kodi mikono ikuposa isanu? Ngati inde, kodi pali minga yaitali yosongoka? Ikakhalapo ndi Acanthaster, ikapanda ndi Pycnopodia. Ngati mikono siikuposa isanu, kodi ikuoneka bwinobwino? Ikapanda kuoneka ndi Culcita. Ikaoneka, kodi pamsana pali zitunda zikuluzikulu? Zikakhalapo ndi Protoreaster. Zikapanda, kodi thupi ndi lophwatalala, m'mbali mwa mikono muli minga yondandalika ngati chipeso? Imeneyo ndi Astropecten. Yotsalayo, ya mikono yobulungira, ndi Linckia. Gulu lina lisinthane makiyi ndi linzake kuti aone ngati mlendo angafike pa dzina lolondola. Luso limeneli ndi lomwe limabwera pa mayeso a MSCE, kaya afunsa za masamba kaya za tizilombo.

Phiri litembenuzeni, likhale nyanja

Tsiku lachinayi tulukani panja pomwe phiri likuoneka. Funsani kutalika kwa Sapitwa. Wina adzati mamita 3,002. Ndiye funsani: kuyeza kumeneko anayambira pati? Ambiri sanaganizepo. Anayambira pamwamba pa madzi a nyanja ya mchere. Nyanja yomwe sanaionepo ndiyo muyeso wa phiri lomwe amaliona m'mawa uliwonse.

Yalani chingwe cha mamita 6 pansi, mita imodzi ikuimira mamita 1,000 akuya. Kumayambiriro kwa chingwe ndi gombe. Mangani kansalu pa masentimita 20: kufika pamenepo, mamita 200, ndi pomwe kuwala kwa dzuwa kumakwanira kuti zomera zikule. Mangani kena pa masentimita 70: pamenepo ndi pansi pa nyanja ya Malawi pomwe pali pakuya koposa, mamita pafupifupi 700. Pa mamita atatu paime mwana wamtali, akhale Sapitwa wozondoka. Pansi pa nyanja zikuluzikulu, mukatenga pakatikati, ndi mamita pafupifupi 3,700, kupitirira pomwe waima mwanayo. Ndipo nyenyezi zimapezeka mpaka kumapeto kwa chingwe, mamita 6,000, Sapitwa awiri osanjikizana. Kumeneko kulibe kuwala, madzi ndi ozizira ngati a mufiriji, ndipo kulemera kwa madzi kumawonjezeka ndi mlingo wa mpweya wonse wotipsinja pano pa mamita 10 alionse omwe mwatsika.

Ana atenge nyenyezi zawo zadothi, iliyonse iimire mtundu umodzi mwa yomwe tatchula ija, aziike pa chingwe pomwe zimakhala. Adzaona okha kuti zonse za ku Mozambique zija zaunjikana m'kachigawo ka chala chimodzi koyambirira, pomwe Brisingida ili kutali payokha. M'kachigawo kochepako muli malo osiyanasiyana: miyala ya m'mphepete yomwe imakhala pamtunda nyanja ikaphwa n'kumiranso ikadzaza, kawiri pa tsiku; mchenga; madambo a udzu wa m'nyanja; matanthwe a korali. Muwauzenso kuti kuzizira sikuziletsa: pansi pa madzi oundana a ku Antarctica pali yofiira yotchedwa Odontaster validus, yochuluka kwambiri. Chomwe zimathawa ndi madzi opanda mchere, n'chifukwa chake zimachepa pomwe mtsinje waukulu ukuthira m'nyanja.

Apa ndimaima pang'ono n'kuloza komwe kuli Ruo. Mvula yambiri yogwa pa phiri lino imatsikira mu Ruo, Ruo n'kuthira mu Shire ku Chiromo, Shire n'kuthira mu Zambezi, Zambezi n'kukafika m'nyanja ya mchere chakufupi ndi Chinde. Ana omwe anaona matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuwafotokozera zambiri za komwe dothi lathu limapita.

Mafuwa

Ngati nthawi ilipo, nkhani iyi musaisiye. Ikani miyala itatu pansi, mutereke poto wopanda kanthu, kenako mwana achotse mwala umodzi. Mu 1963 katswiri wina wa ku America, Robert Paine, anapita pa gombe lamiyala m'chigawo cha Washington n'kuyamba kuchotsa nyenyezi za mtundu wa Pisaster ochraceus pa kachigawo kamodzi, kuzikanganula ndi chitsulo n'kuziponya kutali m'madzi, pomwe kachigawo koyandikana nako anakasiya momwe kanaliri. Pomwe anachotsa nyenyezi, nkhono za zigoba ziwiri zomwe nyenyezizo zinkadya zinachulukana n'kulanda mwala wonse, ndipo mitundu ya zamoyo inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Zotsatirazo anazisindikiza mu 1966, ndipo mu 1969 anayambitsa mawu akuti keystone species, omwe lero ali m'mabuku onse a za chilengedwe. Ine ndimawamasulira kuti fuwa: lochepa, koma ukalichotsa poto amagwa.

Zomwe Paine anachita ndi chitsulo, matenda anadzazichita pa gombe lonse. Kuyambira 2013, nthenda yosungunula thupi la nyenyezi inafalikira kuchokera ku Alaska mpaka ku Mexico. Pycnopodia zinafa zoposa 90 pa 100 zilizonse, ndipo mu 2020 bungwe la IUCN, loona za chilengedwe pa dziko lonse, linaiika pa mndandanda wa zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu, mndandanda womwewo womwe pali mkungudza wathu. Itasowa, zaminga zozungulira zija zomwe inkadya zinaswana n'kudya nkhalango za ndere zikuluzikulu za m'madzi kumpoto kwa California. Koma kuchuluka nakonso kumawononga: Acanthaster zikaswana mopitirira zimadya korali mpaka kusiya matanthwe oyera mbee, ndipo ku Great Barrier Reef ku Australia vutoli labwerezabwereza kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Mdani wake wodziwika ndi nkhono yaikulu yotchedwa Charonia tritonis, yomwe anthu amaisaka chifukwa cha kukongola kwa chigoba chake. Afunseni ana atchule fuwa la m'munda mwawo kapena la m'phiri. Amatchula kadzidzi ndi makoswe, njuchi ndi maungu, ndipo kukambirana kumeneko nthawi zambiri kumadutsa belu.

Mukadzapeza mwayi wofika kugombe

Ena a inu muli ndi abale kutsidya, ndipo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Njira yathu ndi ya pa Muloza kulowa Milange, kenako Mocuba. Kuchokera pamenepo ambiri amatsikira ku Quelimane, koma gombe la kumeneko ndi la mchenga ndi matope a mitsinje. Madzi oyera okhala ndi korali ndi udzu wa m'nyanja ali kumpoto, cha ku Nacala, Pemba ndi chilumba cha Ilha de Moçambique, chomwe mumafikako podutsa mlatho wa makilomita oposa atatu.

Konzani ulendo pa masiku a mwezi wathunthu kapena pomwe mwezi wangokhala kumene, chifukwa ndi pomwe nyanja imaphwa kwambiri. Funsani asodzi ola lomwe madzi aphwe ndi lomwe abwerere, ndipo muwamvere, chifukwa pamalo athyathyathya madzi amabwerera mofulumira kuposa m'mene munthu wa kumtunda angaganizire. Valani nsapato zolimba kunsi. Yendani pang'onopang'ono m'madzi ofika m'akakolo, mukuyang'ana pakati pa udzu ndi m'mphepete mwa miyala. Mukaipeza, khalani chonjuta pambali pake mudikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pakapita mphindi zingapo mudzaona nsonga ya mkono ikutukuka pang'ono, timiyendo tating'ono tikufufuzafufuza m'madzi, ndipo mukayang'ana mwala womwe unali pafupi mudzazindikira kuti yasuntha.

Musaitulutse m'madzi kuti mujambule. Imapuma kudzera pakhungu ndi pa timiyendo, ndipo kunja kwa madzi imabanika. Ngati mukufuna kuona kunsi, itembenuzireni m'madzi momwemo mofatsa, manja opanda mafuta odzola, ndipo yomwe yamata pamwala musaikanganule chifukwa timiyendo timaduka. Yaminga yaitali ya mikono yambiri musaikhudze n'komwe, ululu wake umatupitsa dzanja kwa masiku. Mwala uliwonse womwe mwavundukula muubwezere momwe unaliri. Zouma zogulitsa m'misika ya alendo musagule. Zambiri amazitola zamoyo n'kuziyanika, ndipo Protoreaster yofiira ija ndi imodzi mwa zomwe zimatoledwa kwambiri. Bambo amene anandibweretsera yanga ndinawathokoza ndi manja awiri, koma ndinawapempha kuti ulendo wina asadzavutikenso kubweretsa ina, imodziyi ikwanira ana a zaka zambiri.

Chomwe mungabweretse ndi zithunzi ndi kavidiyo. Ikani cholembera kapena dzanja pambali pa nyenyeziyo kuti ana adzaone kukula kwake, jambulani pamwamba ndi kunsi, ndipo lembani m'kope tsiku, malo, ola, kuya kwa madzi, komanso ngati pansi panali mchenga, udzu kapena mwala. Tungani madzi a m'nyanjamo m'kabotolo, mutseke zolimba. Mukafika kusukulu, thirani pang'ono m'mbale yakuda muyanike padzuwa pambali pa mbale ina ya madzi a mu Likhubula, ana adzaone okha zomwe zitsale m'mbale iliyonse pofika nthawi yoweruka.